Mukusiyiranji Ntchito Komwe Muliko? Kuyankha Moona ndi Mwaulemu

Lero tikambirana funso limodzi lokha, funso lomwe silisowa pa intaviyu munthu akakhala kuti ali pantchito ina kapena wangoisiya kumene: "Tatiuzani, n'chifukwa chiyani mukufuna kuchoka komwe mukugwira ntchito?" Funsoli ndi lalifupi ndipo limafunsidwa ndi nkhope yofatsa, koma ndi pomwe anthu ambiri a maphunziro abwino ndi luso lenileni amapunthwa. Ena amaona ngati apeza pokhuthulira madandaulo onse omwe akhala akusunga mumtima. Ena amagwidwa mantha n'kupeka bodza pomwepo. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiiikira kumbuyo mpaka kumapeto: yankho labwino ndi loona, ndi lalifupi, limaloza kutsogolo, ndipo silinyoza amene mukuwasiya. Musamve ngati ndikukuphunzitsani kuchenjera kopezera ntchito. Ili ndi khalidwe loyenera munthu wamkulu, ndipo pankhani imeneyi khalidwe loyenera ndi lomwenso limapindulitsa mwiniwake.

Tiyambe ndi kumvetsa chomwe ofunsawo akufuna. Mukalowa m'chipindamo mumapeza anthu atatu kapena anayi atakhala kuseri kwa tebulo, aliyense ali ndi cholembera ndi pepala lolembapo malikisi. Mmodzi ndi woona za ogwira ntchito, wina ndi mkulu wa nthambi yomwe mukufuna kulowamo. CV yanu aiwerenga kale, masatifiketi anu awaona, ndipo akudziwa kuti ntchitoyo mungaithe, apo ayi sakadakuitanani. Zomwe mapepala sangawauze ndi ziwiri: kodi mukhala nawo nthawi yaitali bwanji, ndipo zinthu zikadzavuta mudzachita zotani? Kulemba munthu ntchito kumadya ndalama ndi nthawi. Pali kulengeza m'nyuzipepala, kusankha mayina m'mulu wa makalata, kuphunzitsa wolembedwayo, komanso nyengo yomuyesa, yomwe lamulo lathu la Employment Act la chaka cha 2000 limalola kuti ifike miyezi khumi ndi iwiri kwa wantchito waluso. Palibe bwana amene amafuna kubwereza zonsezi chaka chisanathe. Choncho ngakhale funsoli likukamba za kumbuyo, amene akulifunsa maso ake ali kutsogolo. Pamene inu mukufotokoza za bwana wanu wapano, womvetserayo akudziika pampando wa bwanayo, n'kumadzifunsa chamumtima kuti, "Tsiku lomwe munthu uyu adzachoke kuno, ine adzandinena motani?"

Tikamvetsa zimenezi, tiona msanga chifukwa chake kunyoza sikuthandiza ngakhale zonenedwazo zitakhala zoona. Tiyerekeze kalaliki wa zandalama pakampani ina ku Limbe. Wafunsidwa funsoli, ndipo akuyankha kuti, "Abwana athu ndi ankhanza, amakondera abale awo, ndipo ntchito saidziwa, timachita kuwagwirira ndife." Mwina mawu aliwonse apa ndi oona. Vuto ndi lakuti ofunsawo alibe njira yodziwira. Abwana onenedwawo kulibe m'chipindamo kuti afotokoze mbali yawo, ndipo munthu wanzeru saweruza mlandu atangomva mbali imodzi. Chokhacho chomwe ofunsawo aona ndi maso awo n'chakuti mnyamatayu amanena anthu kumbali pamaso pa alendo. Chimenecho ndicho chilembedwe papepala la malikisi. Kumbukiraninso kuti Malawi ndi dziko laling'ono, ndipo anthu a ntchito imodzi amadziwana. Akatswiri owerengera ndalama amakumana chaka ndi chaka kumsonkhano wa ICAM ku Mangochi. Anamwino ambiri anaphunzira limodzi kapena anagwirapo ntchito chipatala chimodzi. Ena ndi a mpingo umodzi, ena amakumana pamaliro ndi paukwati, ena ali m'gulu limodzi la WhatsApp. Mayi amene akukufunsaniyo mwina anali kalasi imodzi ndi bwana amene mukumunyozayo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo pankhani ya ntchito mlomo umatsatadi munthu zaka zambiri.

Ena akamva izi amathawira mbali inayo, yomwenso ndi yoopsa chimodzimodzi. Amaganiza kuti ngati kunena zoipa n'kolakwika, ndiye kuli bwino kupeka chifukwa chokoma m'khutu. Wochotsedwa ntchito amati anasiya yekha. Amene anakhala pakampani miyezi isanu amaitalikitsa n'kukhala zaka ziwiri. Bodza lotere siliyenda mtunda wautali. Olemba ntchito ambiri amaimbira foni anthu amene munawalemba kuti akuikireni umboni, ndipo ena amaimbiranso ofesi yomwe munachokera. Ndime 31 ya Employment Act imati wantchito akasiya kapena akachotsedwa, angathe kupempha chikalata chosonyeza nthawi yomwe wagwira ntchitoyo, udindo wake ndi malipiro ake, ndipo olemba ntchito atsopano angathe kukupemphani chikalata chimenechi. Kuyambira 2011, pomwe penshoni inakhala yokakamiza kwa ogwira ntchito ambiri, mbiri ya zopereka zanu imasonyezanso miyezi yomwe munali pamalipiro. Ndiye taganizirani: mwalembedwa ntchito, mwasamutsa banja, ana mwawapezera sukulu, kenako patatha miyezi inayi abwana atulukira kuti munawanamiza tsiku loyamba lomwe munaonana. Chomwe munabisacho mwina akadachikhululukira mukadachinena nokha. Bodzalo ndi lomwe sangalikhululukire, chifukwa munthu amene ananama kuti alowe pakhomo n'kovuta kumusungitsa makiyi a kusitolo kapena mabuku a ndalama.

Pakati pa kunyoza ndi kunama pali njira, ndipo ndi yotakata kuposa momwe ambiri amaganizira. Kawirikawiri munthu sasiya ntchito pa chifukwa chimodzi chokha. Amakhala ndi zifukwa zitatu kapena zinayi, zonse zoona, ndipo ali ndi ufulu wosankha chomwe chikugwirizana ndi ntchito yomwe akufunsira. Kusankha kotere si chinyengo, bola chomwe mwasankhacho chikhale chenicheni ndipo chisaphimbe nkhani yomwe olemba ntchitowo akuyenera kuidziwa. Yankho lake liyambe ndi zomwe mwapindula komwe muliko, linene mosabisa chomwe chikusowa, ndipo lithere pa chomwe mwaona pantchito yatsopanoyi. Kalaliki wa ku Limbe uja akadatha kunena kuti, "Ndagwirako zaka zinayi ndipo ndaphunzirako zambiri, makamaka kukonza malipiro a antchito ndi kulemba za msonkho wa ku MRA. Koma kampaniyo ndi yaing'ono, pamwamba panga pali munthu mmodzi yekha, ndiye mwayi wokwera palibe. Pano ndatsala pang'ono kumaliza maphunziro anga, ndipo ntchito yomwe mwalengezayi ili ndi gawo lokonza malipoti a pachaka, lomwe ndikufunitsitsa kuligwira." Palibe bodza m'mawu amenewa, palibenso amene wanyozedwa. Yankholi silikwana ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo likutha maso a ofunsa ali pantchito yawo, osati pamavuto a kampani ina. Kufupika kwake n'kofunika, pakuti munthu akachulukitsa mawu pofotokoza chifukwa chochokera, omvera amayamba kukayika kuti pali china chomwe akuzungulira.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti, "Zonsezo tamva, koma chifukwa chathu chenicheni ndi ndalama." Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya chimanga, shuga, sopo, lendi ndi thiransipoti inakwera pamene malipiro a anthu ambiri anatsala pomwe anali. Ofunsawo amagula m'misika yomweyo, ndipo mukanamizira kuti ndalama mulibe nazo ntchito sakukhulupirirani. Komabe ndalama zikakhala chifukwa chokhacho chomwe mwatchula, mwawauza kuti tsiku lomwe wina adzawonjezere pang'ono pa zomwe iwo akukupatsani, mudzanyamuka. N'chifukwa chake nkhani ya malipiro iyenera kunenedwa poyera koma itayenda limodzi ndi nkhani ya ntchito yeniyeniyo. Mphunzitsi wa pasukulu yomwe si yaboma angathe kunena kuti, "Malipiro ndi mbali imodzi, chifukwa sanasinthe kwa zaka zitatu pomwe zinthu zakwera. Koma chandikoka kwambiri n'chakuti sukulu yanu ili ndi labotale, ndipo ine ndakhala ndikuphunzitsa sayansi pabolodi pokha." Wanena zoona za m'thumba mwake, ndipo wasonyezanso kuti anafufuza za sukuluyo asanabwere.

Pali zifukwa zina zomwe munthu sadzipangira yekha, ndipo zimenezi zimangofunika kuzinena momwe zilili. Kontrakiti yatha, pulojekiti yafika kumapeto, kampani yachepetsa antchito. M'chaka cha 2025 boma la America litaimitsa thandizo lodzera ku USAID, mapulojekiti ambiri a zaumoyo ndi chitukuko anatsekedwa, ndipo anthu akhama, opanda mlandu uliwonse, anapezeka ali pakhomo. Wolemba ntchito aliyense m'dziko muno akuidziwa nkhani imeneyi. Munthu wotere asaweramitse mutu kapena kuyankhula ngati wopalamula. Anene kuti thandizo linaima, ntchito inathera pomwepo, atchule zomwe anakwanitsa isanathe, ndipo akhale ndi kalata yotsimikizira zimenezo m'manja. N'chimodzimodzi ndi zifukwa za pabanja. Ngati amuna anu kapena akazi anu asamutsidwira ku Mzuzu, kapena munasiya ntchito kuti mukadwazike mayi anu kumudzi, nenani m'mawu ochepa, ndipo onjezerani mawu osonyeza kuti nkhaniyo inakhazikika ndipo tsopano mwakonzeka kugwira ntchito ndi mtima wonse. Simukuyenera kufotokoza matenda a m'banja mwanu kapena zinsinsi za m'nyumba. Ofunsawo akungofuna kudziwa ngati mudzapezeka pantchito Lolemba lililonse m'mawa.

Povuta kwambiri ndi pamene munthu anachotsedwa ntchito chifukwa cholakwa. Apa mtima umafunitsitsa kubisa, koma mfundo yathu sisintha. Dalaivala amene anachotsedwa chifukwa chonyamula matola pagalimoto ya kampani ali ndi njira ziwiri. Angathe kunama n'kumayembekeza kuti foni siidzaimbidwa, kapena anganene kuti, "Ndinachotsedwa chifukwa ndinaphwanya lamulo la kampani ponyamula anthu panjira. Ndinalakwa, ndipo zinandiphunzitsa zambiri. Kuchokera nthawi imeneyo ndagwira zaka ziwiri kwina popanda chenjezo lililonse, ndipo abwana akumeneko mungathe kuwafunsa." Sindikulonjezani kuti aliyense amulemba ntchito munthu ameneyu. Ena amukana. Koma amene amulembe adzakhala atamulemba akudziwa zonse, ndipo ntchito yotereyo ndi yomwe imakhalitsa, chifukwa palibe chobisika chodzaigwetsa. Ngati munthu anachotsedwa mopanda chilungamo, nazonso anene modekha. Ndime 57 ya Employment Act imafuna kuti pakhale chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito, komanso kuti apatsidwe mwayi woyankhapo pa zomwe akumuneneza. Amene sanapatsidwe mwayi umenewu anganene kuti sanagwirizane ndi momwe nkhaniyo inayendera, anaitengera koyenera, ndipo ili m'manja mwa oweruza kapena inatha mwakutimwakuti. Akatero aimire pomwepo, asayambe kuzenganso mlanduwo m'chipinda cha intaviyu.

Tsopano ndifike pa chitsutso chomwe ndimachiona kuti ndi cholemera kuposa zonse. Wina anganene kuti, "Kodi uphungu umenewu sukuteteza mabwana oipa? Alipo amene amakhala miyezi osalipira antchito, amene amadula ndalama za penshoni koma osakazipereka, amene amafunsira atsikana mowaopseza kuti akakana ntchito iwathera. Tikamangoyankhula mwaulemu, zoipazi zidzatha liti?" Chitsutsochi chili ndi mphamvu, ndipo sindikufuna kuti aliyense atuluke muno akuganiza kuti ulemu ndi kukhala chete pamene ukuponderezedwa. Yankho langa lili pawiri. Choyamba, kunena chomwe chinachitika n'kosiyana ndi kutukwana munthu. Mukati, "Malipiro anakhala osabwera miyezi itatu, ndipo sindikadatha kupitiriza," mwanena chinthu chomwe chingatsimikizidwe, ndipo wolemba ntchito wanzeru amva. Mukati, "Eni kampaniyo ndi mbava," mwapereka chigamulo chomwe omverawo sangachiyese. Lamulo lenilenilo limavomereza kuti pali nthawi yomwe munthu amachoka chifukwa cha khalidwe la bwana: ndime 60 imalola wantchito kusiya popanda notisi ngati zochita za womulemba ntchito zafika poti n'zosatheka kupitiriza.

Chachiwiri, chilungamo chili ndi makomo ake, ndipo chipinda cha intaviyu si limodzi mwa makomowo. Anthu anayi amene akukufunsaniwo sangalamule kampani ina kuti ikulipireni. Amene angakuthandizeni ndi ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ndi khoti la Industrial Relations Court, lomwe limamva milandu ya pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito. Nkhani ya penshoni yosaperekedwa ili ndi koipititsa ku Reserve Bank of Malawi, komwe kuli woyang'anira mabungwe a zachuma. Kuzunza munthu pomukakamiza zachiwerewere ndi mlandu pansi pa lamulo la Gender Equality Act la 2013, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi apolisi amalandira madandaulo otere. Palinso mabungwe a anthu apantchito omwe ali pansi pa MCTU. Kumeneko tchulani mayina, masiku ndi ndalama, osasiya kanthu. Dandaulo lomwe lakhuthulidwa pa intaviyu silimukhudza bwana woipayo ngakhale pang'ono, limangokutayitsani inu mwayi womwe ukadakuchotsani m'manja mwake. Ndipo kwa mayi kapena mtsikana amene anachoka chifukwa chozunzidwa motere, ndikuti: simukukakamizidwa kufotokozera alendo zomwe zinakuchitikirani. Mukanena kuti malowo sanalinso abwino kwa inu ndipo nkhaniyo munaipereka koyenera, mwanena zoona ndipo mwakwanitsa.

Ena amatsutsa mwa njira ina. Amati kukonzekera mayankho n'kutaya nthawi chifukwa masiku ano ntchito zimapita kwa odziwika, ndipo intaviyu ndi mwambo chabe pomwe munthu anasankhidwa kale. Sindikana kuti zotere zimachitika, ndipo n'zoipa zomwe tiyenera kulimbana nazo. Koma si malo onse omwe ali choncho, ndipo inu polowa m'chipindamo simudziwa kuti awa ndi ati. Chomwe chili m'manja mwanu ndi mayankho anu basi. Komanso taonani kuti chitsutsochi chikulimbitsa mfundo yanga m'malo moigwetsa. Ngati mayina a anthu amayenda kudzera m'kudziwana, ndiye kuti mbiri ya momwe mumayankhulira za anzanu ndi chuma chachikulu. Amene sanakulembeni lero angathe kukukumbukirani mawa mpata wina ukapezeka, kapena kukutchulani kwa mnzake amene akufuna munthu wodekha.

Yankho la funsoli limayamba kukonzedwa musanalowe n'komwe m'chipinda cha intaviyu, chifukwa limadalira momwe mukuchokera komwe muliko. Funso lotsatira kawirikawiri limakhala lakuti, "Tikakutengani, mungayambe liti?" Ambiri amayankha msangamsanga kuti, "Ngakhale mawa," poganiza kuti akusonyeza khama. Kwa munthu amene ali pantchito ina, yankho limeneli limaulula kuti ndi wokonzeka kuthawa osatsanzika. Ndime 29 ya Employment Act imati wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo ndime 30 imalola kulipira ndalama m'malo mwa notisiyo. Makontrakiti ena, makamaka a maudindo akuluakulu, amafuna miyezi yoposa pamenepo. Munthu amene wayankha kuti, "Ndikuyenera kupereka notisi ya mwezi umodzi ndi kusiyira mnzanga ntchito mwadongosolo," wawapatsa olemba ntchitowo umboni wa momwe adzawachitire iwonso. Choncho gwirani notisi yanu mokhulupirika mpaka tsiku lomaliza. Bwezani makiyi, laputopu ndi yunifolomu, konzani za ngongole yomwe munatenga kuofesi, lembani bwino zomwe zatsala kuti wobwera pambuyo panu asavutike, ndipo tsanzikani ngakhale kwa amene simunkagwirizana nawo. Mukachoka motere, simudzasowa chonena mukafunsidwa, ndipo simudzanjenjemera foni ikaimbidwa kuofesi yanu yakale.

Kwa inu olemba ntchito amene muli muno, udindo ulinso pa inu. Ngati mukufuna mayankho oona, musalange anthu chifukwa chonena zoona. Munthu akakuuzani modekha kuti malipiro sankabwera, kapena kuti anachotsedwa ndipo anaphunzirapo kanthu, wakupatsani chinthu chamtengo wapatali kuposa mawu okoma oloweza. Mukamukana pa chifukwa chimenecho chokha, mukuphunzitsa ofuna ntchito onse kuti bodza ndi lomwe limalipira, ndipo mawa mudzadzaza maofesi anu ndi anthu odziwa kunama bwino. Kwa inu ofuna ntchito, ndikusiyirani chochita. Musanapite ku intaviyu ina iliyonse, khalani pansi mulembe zifukwa zanu zonse zenizeni, ngakhale zowawa. Sankhanipo chomwe chikukhudza ntchito yomwe mukufunsira, muchiike m'ziganizo zitatu kapena zinayi, ndipo muchinene mokweza pamaso pa mnzanu amene sangakunyengerereni. Kenako muchiyese ndi mafunso awiri. Kodi ndi choona, moti wina atafufuza angachipeze momwemo? Kodi mungachinene mawu omwewo bwana wanu wapano atakhala pampando m'chipindamo akumvetsera? Ngati mwavomera pa mafunso onse awiri, yankho lanu lakonzeka, ndipo mungalinene mutayang'ana ofunsawo m'maso.